Nyenyezi za pamphuno pa Subaru yanu

Wina wandilembera imelo. Wangoitanitsa Subaru yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ndiye akufunsa: "Nyenyezi zili kutsogoloku n'zachiyani? Nanga bwanji zilipo 6 pomwe azungu amati ndi atsikana 7 apachibale?"

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Ndili mwana, agogo ankatiyalira mphasa pabwalo m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, n'kuloza kumwamba: "Taonani, Nsangwe zatuluka." Ine maso anali pa mtedza umene ankakazinga m'phale. Dzinalo linalowera khutu ili n'kutulukira linali. Ndinachita kukula, mpaka tsiku lina makaniko, miyendo yokha ikuonekera pansi pa galimoto, anandiuza kuti Subaru ndi dzina la nyenyezi. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi Nsangwe, kagulu komwe kaja ka agogo, kamene azungu amati atsikana 7 apachibale, kamene katchulidwanso pa Yobu 38:31. Manyazi anandigwira. Zoona dzina lakwathu kulikumbukira chifukwa cha galimoto la eni?

Kwa Ajapani, mawu akuti subaru amachokera ku mneni wotanthauza kusonkhana n'kukhala chinthu chimodzi. Cha m'ma 1000, Sei Shōnagon, mayi wa kunyumba ya mfumu ku Kyoto, polemba za nyenyezi zokongola anayambira pa Subaru. M'nthano yakale ya m'chigawo cha Tango, msodzi Urashima atafika kudziko lachilendo anakumana ndi ana 7, n'kuuzidwa kuti amenewo ndi Subaru. Koma ine chimene chimandikoma ndi cha alimi. Iwo ankati kaguluka kakafika pamwamba penipeni m'bandakucha, fesani soba, kambewu kamene ufa wake amapangira zakudya zonga supageti. Kalendala yawo inali kumwamba, ngati ya agogo.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Anzathuwa dzina lawo sanalitaye. Analimata pa galimoto, analipatsanso telesikopu yawo yaikulu ya pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, ya galasi lotambalala mamita 8.2. Ife golosale timaitcha Galaxy, sukulu ya mkaka Bright Stars. Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zina za pa vesi lomwe lija, tinazisiya m'Baibulo, ndipo mlaliki akafika pamenepo amawerenga mothamanga ngati waponda moto. Musandiuze kuti n'chitukuko chimenecho.

Za nambala ija

Maso a anthu ambiri amaona 6 zokha, n'chifukwa chake dzina lina la Chijapani ndi mutsuraboshi, nyenyezi 6 zotsatana. Pa chizindikirocho, zing'onozing'ono 5 zikuimira makampani amene anaphatikizana kupanga Fuji Heavy Industries, dzina lakale la kampani ya Subaru, yokhazikitsidwa mu 1953, ndipo yaikuluyo ndi kampaniyo. Mukafuna kudziwerengera nokha, tulukani madzulo a mu Disembala magetsi atazima, muyang'ane chakumpoto. Ine ndimalekera pa 5, magalasi anga atha mphamvu.