Yankho kwa mayi wa ku Chipoka: "stage 2" ya pa pepala la X-ray

Mayi, mwati bambo akunyumba akumva kuwawa m'mphechepeche, akutsimphina, ndipo pa pepala la X-ray adokotala alemba AVN stage 2 (AVN ndi kufa kwa fupa chifukwa chosowa magazi). Mchimwene wanga anadwala omwewa, ndiye ndilankhulepo.

Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno. Magazi akasiya kufika bwino kumeneko, fupa limafa kuyambira mkati, ngati mmene chiswe chimadyera mtanda wa denga: kunja uli bwinobwino, mkati mwatha. Zoyambitsa zodziwika ndi kumwa prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) nthawi yaitali, mowa wambiri (kachasu amene uja), sickle cell, HIV, kapena kuthyoka khosi la fupalo.

Manambala a stage ambiri amatsata kagawidwe ka madokotala a ku France, Ficat ndi Arlet. Pa 1 munthu akumva ululu koma X-ray sionetsa kanthu, MRI (makina ena ojambula m'kati mwa thupi) ndiyo imaona. N'chifukwa chake ambiri amangopatsidwa mankhwala a ululu n'kubwerera kunyanja. Pa 2 X-ray imaonetsa mawanga, koma mutu wa fupa ukadali wobulungira. Apa ndi pomwe ali bambowo, ndipo ndikuti mwachita mwayi, chifukwa nkhani yonse ili pakati pa 2 ndi 3. Pa 3 pamaoneka kamzere kakuda konga mwezi wongokhala kumene pansi pa mutu wa fupa: latsekula mng'alu, layamba kudikha. Likadikha silibwereranso. Pa 4 ngakhale chibowo cha m'chiuno chaperepeseka, chotsala n'kuikamo chiuno chachitsulo.

Pa 2 madokotala amathabe kuboola fupa kuti magazi ayambenso kuyenda, ngakhale si onse amene zimawathandiza. Choncho musakhalire kuthowa ndi madzi otentha. Pemphani kalata pachipatala cha boma ku Salima yopita ku LION, chipatala cha mafupa chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukafunse zinthu ziwiri: kodi mutu wa fupa wayamba kudikha? Nanga mbali inayo mwaiona? Matendawa amakonda kugwira mbali zonse, ina ili chete. Ya mchimwene wanga inadziwika pa MRI, iye akulumbira kuti mwendo umenewo ulibe vuto.

Pakadali pano ayendere ndodo, mowa ndi fodya asiye, zokoka khoka azisiyire anyamata. Ngati akumwa prednisolone kapena ma ARV asasiye okha, akauze adokotala kaye.