Dragon Age: Origins: ndiyambire kuti ngati ndisewera kamodzi kokha?

Mayi wina wandilembera imelo ataima pa sikirini yopangira munthu wake mu Dragon Age: Origins. Akuti anzake amuuza kuti Human Noble ndiye chiyambi chenicheni chifukwa pamapeto munthu akhoza kukhala mfumukazi, koma iyeyo mtima wake uli pa ma elf a m'nkhalango. Nthawi yoti asewere kawiri gemu yaitali chonchi alibe, ndiye akufuna ndimuuze choti asankhe.

Achemwali, zikomo polemba. Ndichenjezeretu kuti sindingathe kuyankha popanda kuulula zina za kutsogolo, ngakhale ndiyesetsa kusakhudza mathero enieni.

BioWare itatulutsa gemuyi mu Novembala 2009, inaikamo ziyambi 6: Human Noble, Magi, City Elf, Dalish Elf, Dwarf Noble ndi Dwarf Commoner. Mtundu ndi ntchito ya munthu wanu ndi zimene zimatsegula kapena kutseka zitseko. Dwarf sangakhale wamatsenga. Wamatsenga aliyense, kaya ndi munthu kaya elf, amayambira ku Circle, nsanja imene amasungirako amatsenga, basi. Chiyambi chilichonse chimatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo zonse zimathera pamodzi: zinthu zakuvutani, Duncan wa gulu la Grey Wardens, lolimbana ndi zilombo zotchedwa darkspawn, akukutengani, ulendo wa ku Ostagar. Kuchokera pamenepo msewu ndi umodzi kwa aliyense, n'chifukwa chake ena amati zilibe kanthu.

Ine ndimati zili ndi kanthu, koma osati pa ola loyambalo. Nkhondo ya ku Ostagar ikatha, gemu imakutumani kukapempha thandizo ku Orzammar, mzinda wa ma dwarf, ku Circle ndi kwa ma Dalish, ma elf a m'nkhalango aja, kenako n'kukathera ku Denerim, likulu la dziko la Ferelden. Malo amenewa ndi kwawo kwa wina wake mwa anthu 6 aja. Ndiye funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, ndikadzabwerera kwathu patapita maola ambirimbiri, ndidzapeza ndani pakhomo, ndipo adzandiyang'ana bwanji?

Anzanuwo sanakunamizeni pa za Human Noble. Mumakhala mwana wamng'ono wa Bryce Cousland, mwini dera la Highever, ndipo tsiku limayamba ndi tizinthu tapanyumba: galu wanu walowa mosungira zakudya, Nan wophika akukalipa, mukafika mukupeza kuti galuyo amathamangitsa makoswe. Usiku womwewo galu uja akuuwa pakhomo la chipinda chanu. Asilikali a Rendon Howe, mnzake wakalekale wa bambo anu, aukira nyumbayo mkulu wanu Fergus atachoka ndi gulu lankhondo. Mlamu wanu ndi kamwana kake Oren mumawapeza atafa kale, ndipo makolo anu mumawasiya m'chipinda chomwe chija munali kupha makoswe masana. Ubwino wake ndi wakuti Howe si mdani wapambali. Ndi dzanja lamanja la Loghain, mkulu wa asilikali amene amalanda ulamuliro wa dzikolo, choncho chidani chanu chimayenda limodzi ndi nkhani yaikulu mpaka tsiku limene mudzamupeze m'ndende ya pansi pa nyumba ina ku Denerim. Za ufumu ndi zoonanso: mkazi wa banja la Cousland yekha ndiye angakwatiwe ndi Alistair, Grey Warden mnzanu wa magazi achifumu, n'kukhala pampando, ndipo mwamuna wa banjalo angakwatire mfumukazi Anora. Koma dziwani kuti zimenezi ndi mawu ochepa pa msonkhano wa mafumu wotchedwa Landsmeet ndi mizere ingapo kumapeto. Ndipo ku Highever simudzabwererako m'gemu yaikuluyi. Mumataya mudzi kamodzi, n'kutsala ndi mkwiyo wokhawokha. Ndi nkhani yabwino, koma ndi yomwe mwaimvapo kale kambirimbiri.

Ma elf anu a m'nkhalango aja ndinene zoona, ngakhale zikuwaweni: pa zonse 6, chimenechi ndiye chopepuka. Inu ndi mnzanu Tamlen mumalowa m'mabwinja, iye n'kukhudza kalilole wakale, n'kusowa. Inu mumadzuka mutadwala matenda a ma darkspawn, ndipo mumatsatira Duncan chifukwa kukhala Grey Warden ndiye mankhwala okhawo. Palibe munthu amene anakulakwirani woti mudzamufunse mlandu. Fuko lanu limasamukira kumpoto, ndiye mukadzafika ku nkhalango ya Brecilian mumapeza fuko lina, la Zathrian, lomwe limakulandirani bwinoko pang'ono kuposa mlendo wamba, basi. Pali usiku umodzi kumsasa pamene nkhani ya Tamlen imabwerera, ndipo imaluma ndithu, koma ndi mphindi zochepa. Phindu lalikulu la chiyambi chimenechi lili m'tsogolo, mu Dragon Age II ya 2011, momwe Merrill ndi Marethari a m'fuko lanu komanso kalilole uja amatenga malo aakulu. Inu mwati musewera imodzi yokha.

Ngati ndi ma elf amene mukufuna, yang'anani a mumzinda.

City Elf imayamba pa tsiku la ukwati wanu, mu alienage ya ku Denerim, chigawo chotchingidwa ndi mpanda kumene ma elf amakhala mothinana. Pakati pake pali mtengo waukulu, vhenadahl, ndipo anthu akukongoletsa pozungulira. Bambo anu Cyrion amakupatsani nsapato za malemu mayi anu n'kukupemphani kuti musauze a kuchimuna kapena a kuchikazi zoti mayiwo anakuphunzitsani kugwira mpeni. Msuweni wanu Shianni wayamba kale kumwa. Kenako Vaughan, mwana wa mkulu wolamulira Denerim, akulowa ndi anzake pakati pa mwambo n'kunyamula akazi ngati akutola katundu wake. Palibe mlonda wa mzinda amene akubwera. Mukasewera ngati mkazi muli m'gulu la otengedwawo ndipo mumadzimenyera nokha kuchokera mkati. Mukasewera ngati mwamuna mumalowa kuchokera panja ndi msuweni wanu Soris. Njira zonse ziwiri mumafika mochedwa kwa Shianni. Ndinene poyera kuti pali nkhani ya kugwiriridwa pamenepa, sizionetsedwa koma sizibisidwanso, ndipo ngati zimenezi simungathe kuzipirira, chisiyeni chiyambi chimenechi. Vaughan atapanikizika amakulonjezani ndalama zagolide 40 kuti muchoke n'kumusiyira atsikanawo, ndipo gemu imakulolani kulandira.

Chimene chimachititsa kuti ndichiike pamwamba ndi zobwera pambuyo pake. Nthawi yaitali chipata cha alienage chimakhala chotseka, mumangochidutsa mukamagula zinthu kumsika wa Denerim, mukudziwa kuti m'katimo anthu akulipira zimene inu munachita. Chikadzatseguka, kufupi ndi Landsmeet, mumapeza kuti kwalengezedwa mliri, ndipo amene akuti ndi asing'anga ochokera ku dziko la Tevinter ndi ogula akapolo, ndi chilolezo cha Loghain amene akufuna ndalama za nkhondo. Amene akukuwa yekha pabwalo kuti anthu asalowe m'chipatalamo ndi Shianni. Amene ali m'khola kumapeto kwa njirayo ndi bambo anu. Wosewera wina aliyense amadutsa gawo lomweli ngati ntchito yofunafuna umboni. Inu mumadutsamo mukutchulidwa dzina ndi anthu amene anabwera ku ukwati wanu. Ndipo mukadzaima pamaso pa mafumu a Ferelden ndi pepala lokhala ndi chidindo cha Loghain, mlanduwo ndi wanu weniweni.

Chenjezo limodzi, poti mwatchula za ufumu. Elf wamkazi akakondana ndi Alistair, iye n'kudzakhala mfumu, chibwenzicho chimatha, pokhapokha mutamulimbitsa mtima atakumana ndi mchemwali wake Goldanna, ndipo ngakhale pamenepo simukhala mkazi wake wapoyera. Ena zimawakwiyitsa. Kwa ine zimagwirizana ndi zonse zimene dziko limeneli lakhala likukuuzani kuyambira pa tsiku la ukwati lija.

Magi ndiipatse ndime imodzi. Ngati mukufuna kuti nkhondo zisakuvuteni, tengani wamatsenga, chifukwa m'gemuyi amatsenga ndi amene amalamulira bwalo. Nkhani yake imayamba ndi mayeso a Harrowing, kenako mnzanu Jowan akukupemphani kuti mumuthandize kuthawa m'nsanja ya pa nyanja ya Calenhad, poopa kuti amuchotsa maganizo ndi maloto. Mukhoza kumuthandiza ndi mtima wonse kapena kukamuneneza kwa Irving, mkulu wa amatsenga a m'nsanjamo. Mulimonsemo amapezeka kuti anakunamizani pa za matsenga a magazi. Mudzakumananso naye m'ndende ku Redcliffe, ndipo nsanja yanu mudzaipeza itasanduka manda. Kubwerera kulipo kawiri konse, kungoti wamatsengayu alibe banja, ndiye zimene amataya ndi aphunzitsi ndi anzake a m'kalasi.

Tsopano ma dwarf, amene anthu ambiri amawadumpha chifukwa cha maonekedwe, pomwe olemba gemuyi ndi kumene anagwirako ntchito yakupsa kwambiri.

Dwarf Noble ndi mwana wachiwiri wa mfumu Endrin Aeducan. Ndinu wamkulu kwambiri moti mukhoza kuuza mtumiki wanu Gorim kuti azikuyankhulirani kwa anthu wamba, inu osatsegula pakamwa, ndipo zimaseketsa. Mng'ono wanu Bhelen amakunong'onezani kuti mkulu wanu Trian akufuna kukuphani. Kaya mumukhulupirire kaya ayi, Trian amafa, mlandu umagwera inu, dzina lanu limafufutidwa, ndipo amakutayani ku Deep Roads, njira zakale za pansi pa nthaka, kuti mukafe mukumenyana ndi ma darkspawn. Amene amakuperekezani pachipata ndi ulemu pang'ono ndi Lord Harrowmont. Dwarf Commoner ali kumunsi kwenikweni kwa mzinda womwewo: wopanda fuko, chizindikiro chili pa tsaya, akukhala ku Dust Town ndi mayi woledzera komanso mchemwali wake Rica amene akusaka mwamuna wolemekezeka woti amuberekere mwana kuti banja lonse litukuke. Mumagwira ntchito zauchigawenga za Beraht limodzi ndi mnzanu Leske. Tsiku lina womenya amene Beraht wabetcherapo ndalama waledzera, inu n'kuvala zida zake kukamenya m'malo mwake pa mpikisano wa Proving, umene wopanda fuko saloledwa n'komwe kuupondamo. Mumapambana, chisoti n'kuvulidwa, bwalo lonse n'kuona tsaya lija.

Onse awiriwa akadzabwerera ku Orzammar amapeza mfumu itamwalira ndipo akuyenera kusankha pakati pa Bhelen ndi Harrowmont. Funso ndi limodzi, koma silifanana m'pang'ono pomwe. Kwa mwana wa mfumu, Bhelen ndi amene anapha mkulu wanu n'kukuwonongerani moyo, ndipo Harrowmont ndi munthu wachilungamo. Vuto ndi lakuti mawu a kumapeto kwa gemu amaonetsa kuti Bhelen, ndi nkhanza zake zonse, ndiye amatsegula malonda ndi dziko la kumtunda n'kupatsa opanda fuko mwayi, pomwe Harrowmont amautsekera mzindawo m'miyambo yomwe ikuupha. Mubwezere, kapena muveke chisoti chachifumu munthu amene anakuperekani? Kwa wa ku Dust Town zimatembenuka: mwamuna wolemekezeka amene Rica anamupeza ndi Bhelen yemweyo, wamuberekera mwana, ndipo mayi anu akukhala kunyumba yachifumu. Wakupha uja ndi mlamu wanu tsopano, ndipo munthu waulemu uja ndi amene amakhulupirira kuti inu simunayenere kubadwa. Ndiye pali Leske, amene simudzamupeza mbali yomwe munamusiya.

Kanthu kena kamene kamandisangalatsa: anthu 6 aja onse alipo m'dzikomo, kungoti Duncan anafika kwa mmodzi. Mukasewera ngati wina aliyense n'kulowa m'ndende ya zigawenga za Carta, mumapeza Leske ali moyo m'chipinda china, ndipo m'chipinda choyandikana muli mtembo wa dwarf. Ameneyo ndi Dwarf Commoner amene simunamusankhe. Gorim naye mumamupeza akuitanira malonda kumsika wa Denerim, ndipo kwa ambiri ndi wogulitsa zida chabe.

Magemu a pambuyo pake sanabwerezenso zimenezi mofanana. Mu Inquisition ya 2014 ndi The Veilguard ya 2024 mbiri ya munthu wanu mumaiwerenga n'kuimva ikutchulidwa pokambirana, koma simuisewera. Nchifukwa chake ndikuti musathamange pa sikirini imeneyo.

Yankho langa ndi ili. Poti mtima wanu uli pa ma elf ndipo musewera kamodzi, tengani City Elf, wamkazi, ngati chenjezo lija silikukuletsani. Ngati likukuletsani, Dwarf Commoner ndiye wotsatira, ndipo tsiku lina ndikhoza kumuika woyamba. Human Noble mutenge pokhapokha ngati ukwati ndi Alistair ndi chinthu chimene mungadandaule mutachiphonya. Galu asakukopeni: enanso akhoza kumupeza, bola mukafika ku Ostagar muyankhule ndi wosamalira agalu n'kumubweretsera duwa la ku Korcari Wilds musanapite kunkhondo.

Ndipo poti ziyambizi n'zazifupi, madzulo awiri akukwanirani kusewera zitatu mpaka pamene Duncan akukutengani. Ndikanakhala inu ndikanasewera Dalish kuti mtima ukhale m'malo, kenako City Elf, kenako mmodzi wa ma dwarf, chilichonse n'kuchisunga pachokha, n'kupitiriza ndi chimene chakusiyani muli ndi munthu woti mukamuonenso. Ngakhale ziwiri zimene mudzazisiye sizidzapita pachabe, chifukwa mukadzafika ku Orzammar mudzamudziwa Rica.