Mafunso Anu: Mphindi ziwiri zoyamba za filimu yosautsa maganizo

FUNSO: Ndife ophunzira asanu ndipo tapatsidwa ntchito yojambula chiyambi cha filimu, mphindi ziwiri zokha. Tasankha psychological thriller, mtundu uja mantha ake amachokera m'mutu mwa munthu. Tili ndi kamera yobwereka, foni ziwiri ndi masabata atatu. Anzanga akuti tiyambe ndi mtembo ndi magazi. Tiyambire pati? — Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mtembowo usiyeni kaye. Mukauonetsa koyambirira, mwagulitsa katundu yense msika usanadzaze, komanso magazi opangira savuta kuwazindikira. Ntchito ya chiyambi ndi kudzala funso limodzi m'mutu mwa woonera n'kumumana yankho. M'mafilimu a mtundu uwu funsolo limazungulira apa: zimene munthuyu akuona zikuchitikadi, kapena mutu wake ukumunamiza? Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi, ndipo musagwire kamera mpaka asanu nonse mutagwirizana nacho.

Tiyerekeze chonchi. Mtsikana walowa m'chipinda chake ku hositelo usiku. Wakhoma chitseko, wagwedeza chogwirira kawiri, waika kiyi patebulo. Wathira tiyi m'kapu imodzi. Watembenuka kupachika chitenje pa msomali, ndipo pocheuka patebulo pali makapu awiri, yachiwiriyo ikufuka nthunzi. Sakukuwa. Akukhuthulira tiyi wake pawindo, n'kukoka katoni pansi pa bedi, momwe muli makapu ena 6 ofanana ndi yomweyo. Apa dzina la filimu lituluke. Kusakuwa kwakeko ndiko kukuopsa, chifukwa kukutiuza kuti aka si koyamba. Zonsezi zangofuna wosewera m'modzi ndi chipinda chimodzi, ndiye mphamvu zanu zithera pa kujambula bwino, osati pa kusaka thiransipoti ya anthu khumi.

Tsamba limodzi la sikiripiti (nkhani ya filimu yolembedwa) limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, choncho musapitirire masamba awiri. Kenako lembani mndandanda wa mashoti (shoti ndi chidutswa chojambulidwa kamera isanaimitsidwe), 20 mpaka 25 akwana. Shoti iliyonse ikhale ndi nambala, kukula kwake, pomwe kamera iime ndi phokoso lofunika kumveka. Jambulani ndi pensulo mmene iliyonse idzaonekere, ngakhale ndi tianthu ta timitengo.

Shoti yofunika koposa si ya kapu yachiwiri ayi, koma ya tebulo lili ndi kapu imodzi. Ikhale pa sikirini masekondi atatu kapena anayi, tebulo lonse likuoneka. Mukaidula msanga, woonera sadziwa kuti panali kapu imodzi, ndipo yachiwiri ikabwera aziyesa inalipo kale. N'chimodzimodzi ndi kukhoma chitseko: kiyi aoneke pafupi akuzungulira m'loko, kuti woonera atsimikize kuti palibe wolowa. Matani kaselotepu pomwe kapu ndi kiyi zikhale, ndipo m'modzi wa inu azitola chithunzi cha tebulo musanasunthe kamera. Nthunzi sichedwa kutha, ndiye khalani ndi fulasiki ya madzi owira. Dziwaninso kuti nthunzi imaoneka bwino nyale ikaiwalira kuchokera kumbuyo, kuseri kwake kuli mdima.

Kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wochokera pa mtsikana kufika patebulo. Mukaudumpha, pa sikirini azioneka ngati akuyang'ana kwina, ndipo chisokonezo chimenecho si chomwe mukufuna. Sabata yoyamba lembani ndi kuyendera chipindacho pa ola lomwe mudzajambule. Yachiwiri jambulani, mutasunga tsiku limodzi lobwereza zolakwika. Yachitatu lumikizani mashotiwo, kenako onetsani munthu wosadziwa nkhaniyo n'kumufunsa chomwe akufuna kudziwa. Akatchula funso lina, osati lanu, bwererani ku mashoti a tebulo.

FUNSO: Tinajambula usiku ndi foni kuti muoneke mdima, koma chithunzi chadzaza timadontho ndipo kuwala kukuphethira. Tinalakwa pati? — Wowerenga, Mzuzu

YANKHO: Mdima wa pa filimu umapangidwa ndi nyale. Kuwala kukachepa, foni imakweza yokha ISO, mulingo wa mmene kamera imamvera kuwala, ndipo timadonthoto timachokera pamenepo. Ikani nyale imodzi ya LED yotchaja pambali pa wosewera, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pankhope, kuti theka la nkhope liwale, linalo likhale mu mthunzi. Kutsogolo kwa nyaleyo tambasulani nsalu yoyera kuti kuwala kufewe. Pa babu lotentha musatero, nsalu ingapse. Zimitsani getsi lakudenga, chifukwa limawalitsa paliponse mofanana n'kupha mithunzi. Mukatero tsekani focus (pomwe chithunzi chikuoneka bwino) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala) kuti foni isamasinthe yokha wosewera akasuntha, ndipo mdima wotsalawo muuonjezere polumikiza.

Kuphethirako n'kwa magetsi. Kuno magetsi ndi a 50 Hz, ndiye kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pamene foni zambiri zimabwera zitaikidwa pa mafelemu (zithunzi) 30 pa sekondi, ndipo ziwirizi sizigwirizana. Ikani pa 25, ndipo ngati pulogalamu yanu ikulola, shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ikhale pa 1/50 ya sekondi. Kandulo ndi chubu choyera cha magetsi musaziphatikize mwangozi: china chimapereka chikasu, chinzake chimapita ku buluu, khungu la wosewera n'kumasintha mtundu shoti ndi shoti. Njira yosavuta ndi kujambula masana mutatseka mawindo ndi mabulangete. Mupeza usiku wosatha, ndipo anthu sakhala atatopa.

FUNSO: Tiikemo nyimbo yoopsa kuyambira pachiyambi? — Wophunzira, Blantyre

YANKHO: Ayi. Nyimbo yoopsa ikayamba chinthu chisanachitike, imaulula. Masekondi 60 oyamba angoyenda ndi phokoso la m'chipindamo: kiyi m'loko, supuni m'kapu, mpweya wa wosewera. Zimenezi zijambuleni padera, maikolofoni ili pafupi masentimita 30, kenako muziike pamalo pake polumikiza. Foni yachiwiri igwire ntchito ya maikolofoni, ndipo poyamba shoti iliyonse wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti mawu ndi chithunzi mudzazigwirizanitse mosavuta.

Musanachoke, nonse khalani chete mphindi imodzi mukujambula phokoso la chipinda chopanda kanthu. Ili muliyale pansi pa mashoti onse, apo ayi mawu azidukaduka paliponse pamene mwadula. Kapu yachiwiri ikaoneka, litsitseni mpaka lizime kwa masekondi awiri. Khutu limazindikira kuti china chasowa ngakhale woonera sangachitchule. Poyendera malo tcherani khutu ku chigayo, atambala, mawayilesi a anansi ndi malata othetheka dzuwa likatentha, chifukwa izi kuzichotsa pambuyo n'kovuta kwambiri.

Ngati nyimbo ikufunikabe pa dzina la filimu, pemphani mnzanu woimba akupangireni yanuyanu. Ya mwini wake imafuna chilolezo, ndipo za umwini wa nyimbo mungafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso kuno ku Malawi. Pomaliza mverani ntchito yanu pa sipika ya foni, osati pa mahedifoni okha, chifukwa mawu a besi ogunda pansipansi amasowa pa sipika zing'onozing'ono, ndipo anthu ambiri adzaionera pa foni.