Kwa amalume: chifukwa chake Britain yasintha nduna yaikulu katatu mu 2022

Amalume, mwadzuka bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ya usiku, ndangolowa kumene m'nyumba, nsapato sindinavule n'komwe. Uthenga wanu ndaumvera kawiri m'basi. Mwafunsa kuti kodi kuno kwagwanji kuti chaka chimodzi chokha tikhale ndi atsogoleri atatu popanda chisankho, komanso ngati n'zoona zomwe anzanu akunena pabawo, zoti asilikali alowererapo. Ndiyankha ndi pakamwa, kulemba sindingathe, zala zauma ndi kuzizira.

Za asilikalizo ayi, amalume, akawauze anzanuwo kuti palibe mfuti yomwe yalira. Nkhani ili pa kavotedwe. Kuno munthu savotera nduna yaikulu mmene ife timavotera pulezidenti. Papepala pamakhala mayina a ofuna uphungu wa dera lako basi. Aphungu onse alipo 650, ndipo chipani chomwe chapeza ambiri, mtsogoleri wake ndi amene amaitanidwa kunyumba yachifumu kuti akapange boma. Ndiye chipanicho chikatopa naye, chimamuchotsa n'kuika wina, wobwerayo n'kungolowa pa 10 Downing Street, nyumba ndi ofesi ya nduna yaikulu, osafunsanso anthu. Mukukumbukira 2012, a Bingu atamwalira mayi Joyce Banda anatenga mpando osavoteredwa. Kwathu zinatengera maliro. Kuno aphungu ako omwe akangokufulatira, zako zatha.

Ndiye onse atatuwa ndi a chipani chimodzi, cha Conservative. Chinapambana mu Disembala 2019 ndi aphungu 365, patsogolo pali Boris Johnson.

Johnson sanagwetsedwe ndi otsutsa boma. Linamugwetsa ndi bodza, ndipo apa mundilole ndichedwepo pang'ono chifukwa zinandikhudza ineyo. Nthawi ya Covid boma lake linaletsa anthu kusonkhana. Kuyenderana kunalibe, ngakhale pamaliro anthu ankachita kuwerengedwa. Kuntchito kwathu kosamalira okalamba achibale sankaloledwa kulowa. Agogo ena amene ndinkawasambitsa tsiku ndi tsiku anatsirizika mwana wawo wamkazi ataima panja pa zenera, mvula ikumunyowetsa, ine ndili mkati ndawagwira dzanja nditavala magolovesi, foni ndawaikira pakhutu kuti amve mawu a mwana wawoyo. Mayi ameneyo anamvera lamulo, sanagwire dzanja la amake. Kenako zinadzaululika kuti miyezi yomweyo ku Downing Street kunkachitika maphwando, anthu akumwa vinyo m'maofesi ndi pabwalo. Ena anachitika usiku wa pa 16 Epulo 2021, m'mawa mwake Mfumukazi n'kukhala okhaokha pabenchi m'tchalitchi pamaliro a amuna awo, Prince Philip. Atafunsidwa m'nyumba ya malamulo, Johnson anati malamulo onse anatsatidwa.

Apolisi anafufuza n'kupereka zindapusa 126. Mu Epulo 2022 iyenso analipitsidwa mapaundi 50. Ndalamayo ndi yochepa, ine ndimaipeza ndisanaweruke, koma aka kanali koyamba nduna yaikulu kulangidwa chifukwa chophwanya lamulo ili pampando. Mu Juni aphungu ake anamuvotera ngati akumufunabe: 211 anati akhale, 148 anati achoke. Anapulumuka, koma atavulala. Chomwe chinatsiriza ndi nkhani ya phungu wina amene anamupatsa udindo akudziwa kale kuti anthu anamudandaulapo za khalidwe lake, ofesi yake n'kuyamba yakana kuti sankadziwa. Pa 5 Julayi nduna ya zachuma Rishi Sunak ndi ya zaumoyo Sajid Javid anatula pansi udindo madzulo amodzi, ndipo pasanathe masiku awiri oposa 50 anawatsatira. Anasowa woti agwire naye ntchito. Pa 7 Julayi analengeza kuti akuchoka.

Apa ndi pamene pamandiwawa, amalume. Ife a Malawi okhala kuno mwalamulo timaloledwa kuvota chifukwa tili mu Commonwealth, ndipo ine ndinalembetsa. Msonkho amandidula mwezi ndi mwezi. Koma posankha wolowa m'malo mwa Johnson sitinafunsidwe, ngakhale eni dziko ambiri sanafunsidwe. Anasankha ndi mamembala olipira a chipani chawo okha. Liz Truss anapeza mavoti 81,326, Sunak 60,399, m'dziko la anthu pafupifupi 67 miliyoni. Pafupifupi miyezi iwiri awiriwa akukangana pa wailesi yakanema, boma lili phee, ife makalata a magetsi akungobwera okwera.

Truss anapita ku Balmoral, ku Scotland, pa 6 Sepitembala kukalandira udindo kwa Mfumukazi Elizabeth. Patangopita masiku awiri, pa 8 Sepitembala, Mfumukazi anamwalira ali ndi zaka 96, atakhala pampando zaka 70. Ndinali kuntchito. Inali ngati hafu pasiti sikisi madzulo, tikuchotsa mbale m'chipinda chochezera. Wowerenga nkhani anali atavala tayi yakuda. Bambo ena okalamba amene mayina a ana awo omwe anaiwala kalekale anagwira chitsulo choyendera, n'kudzuka okha, kuima njo mpaka nyimbo ya fuko itatha. Ndinalira nawo, sindibisa. Ndinakumbukira inu, mmene mumatisimbira kuti mu 1979 munaima m'mbali mwa msewu kuwaona ali ndi a Kamuzu. Komabe usiku womwewo ndinaganizanso za pa 3 Malichi 1959, za anthu athu amene anaomberedwa ku Nkhata Bay, chifukwa nthawi imeneyo pampando anali omwewa. Zonse ziwirizi zinali mumtima mwanga ndipo sindinafune kutayapo chimodzi. Anthu anandandalika m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ena usiku wonse, kuti akaone bokosi. Anaikidwa pa 19 Sepitembala, ndipo mwana wawo Charles ndi amene ali mfumu tsopano.

Maliro atangotha, pa 23 Sepitembala, nduna yatsopano ya zachuma, Kwasi Kwarteng, inabwera ndi ndondomeko yake. Makolo ake ndi a ku Ghana, moti atasankhidwa anzanga a ku Ghana kuntchito ananyadira, nafenso tinanyadira nawo. Iye analengeza zochepetsa misonkho ya mapaundi 45 biliyoni, kuphatikizapo kuchotsa msonkho wapamwamba wa anthu olandira ndalama zoposa mapaundi 150,000 pachaka, osanena kuti chibowo chimenecho atseka ndi chiyani kupatula ngongole. Mukudziwa mmene zimakhalira pa banki mkhonde: munthu akabwera kuti ndibwerekeni zambiri koma osafotokoza kuti abweza bwanji, azimayi amayamba kumangitsa zikwama. N'zomwe anachita obwereketsa boma. Paundi inagwa mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi dola, zomwe sizinachitikepo. Chiongoladzanja cha ngongole za nyumba chinalumpha. Bank of England, banki yaikulu ya dziko lino, inachita kulowererapo kuti ndalama za penshoni za anthu zisamire.

Mwina muganiza kuti zimenezo n'za olemera. Ayi. Mwini nyumba yomwe ndikukhalayi anaigula pangongole. Yake itakwera, anandilembera kalata kuti lendi ikwera. Zomwe analankhula munthu m'nyumba ya malamulo Lachisanu lina m'mawa zinafika pakhomo panga mu envulopu yoyera.

Truss anachotsa Kwarteng pa 14 Okutobala n'kuika Jeremy Hunt, amene anafufuta pafupifupi zonse zomwe zinalengezedwa. Pa 20 Okutobala nayenso anatula pansi udindo. Masiku ake onse pampando anali 49, palibe nduna yaikulu ina yomwe inakhalapo pang'ono chonchi. Nyuzipepala ina inaika letesi patsogolo pa kamera kuti anthu aone chomwe chiyambe kufota, ndiwozo kapena utsogoleri wake, ndipo anthu anaseka kwambiri. Ine kuseka kunandikanika, kalata ya lendi ija inali patebulo.

Wachitatu ndi Sunak yemwe uja, amene analowa pa 25 Okutobala. Ulendo uno ngakhale mamembala a chipani sanavote, opikisana naye anangochoka, aphungu okha n'kumuvomereza. Analowa ali ndi zaka 42, ndi Mhindu, mbadwa ya amwenye, bambo ake anabadwira ku Kenya, amake ku Tanzania. Mukaganiza amwenye athu a ku Limbe, muone ngati mdzukulu wa mmodzi wa iwo akulamulira Britain. Chimenecho n'chachikulu, sindingachichepetse. Koma ndi munthu wolemera zedi, ndipo nayenso anali m'gulu la olipitsidwa chindapusa cha maphwando aja. Boma lake linapitirizanso ganizo lomwe linayamba mu Epulo 2022, loti anthu owoloka nyanja pamaboti kuchokera ku France, amene mu 2022 anaposa 40,000, ena azitumizidwa ku Rwanda. Ndege yoyamba inayenera kunyamuka pa 14 Juni koma khothi la ku Ulaya linaimitsa. Zimandipweteka kumva akukamba za Africa ngati kotayira anthu amene sakuwafuna.

Pamene akuluakulu akusinthana mipando chonchi, ife pansi pano nkhani yathu ndi mitengo. Nkhondo ya ku Ukraine, yomwe inayamba pa 24 Febuluwale, yomweyo imene yakukwezerani feteleza ndi buledi, kuno yakweza gasi wofunditsira m'nyumba. Kumayambiriro a 2022 banja wamba linkalipira mapaundi 1,277 pachaka pa magetsi ndi gasi. Mu Epulo zinafika 1,971, ndipo mu Okutobala zinafika 2,500, kumeneko boma litathandizapo kale. Mu Okutobala momwemo kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 11.1 peresenti, zomwe sizinaonekepo kwa zaka 41. Panopa ndikulankhula nanu ndili ndi jekete m'nyumba. Ndimafunditsa chipinda chimodzi, ola limodzi m'mawa, limodzi madzulo, maso ali pa kamita kali pamwamba pa filiji. Mnzanga wina wa ana atatu, wogwira ntchito maola onse ngati ine, Loweruka amakaima pamzere kutchalitchi kolandirira chakudya chaulere. Tsiku loyamba anandipempha kuti ndimuperekeze chifukwa cha manyazi, anavala chipewa mpaka m'maso.

N'chifukwa chake anthu anayamba kunyanyala ntchito. A sitima anayamba mu Juni, a positi nawonso, ndipo pa 15 ndi pa 20 Disembala anamwino a bungwe la Royal College of Nursing ananyanyala, koyamba chotere m'zaka 106 za bungwelo. Ndinadutsa pachipatala m'mawa wa pa 15, kunja kuli chisanu choyera mbee pansi. Anali ataima pageti ndi zikwangwani, madalaivala a mabasi akuwaimbira mahutala. Pakati pawo panali anamwino ambiri akuda, ena ndinawamva akulankhula Chishona. Ndinawagulira tiyi anayi, n'zomwe ndikanakwanitsa.

Sunak atalowa mu 2022, chisankho cha dziko lonse chinkayenera kuchitika pasanadutse Januwale 2025, pokhapokha iye atachiitanitsa msanga. Otsutsa a Labour, motsogozedwa ndi Keir Starmer, ankati chichitike nthawi yomweyo, koma lamulo silinkamukakamiza Sunak. Khadi yanga yoitanira kovota ikadzabwera ndidzapita, olo kugwe chisanu chotani.

Za feteleza wobereketsa sindinaiwale. Ndilandira Lachisanu, ndidzatumiza ya matumba awiri, lachitatulo mundidikire mpaka kumapeto kwa Januwale chifukwa cha lendi ija. Muwauze amayi asade nkhawa, ndikudya bwino ndipo ufa ulipo. Ndikagone kaye, madzulo ano ndikulowanso seveni.