Keke wa nkhanu kapena zitumbuwa za nkhanu?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, walemba motere: "Mlamu wanga amayendetsa lole pa msewu wa ku Beira, ndipo anatibweretsera nkhanu za m'nyanja yamchere. Ndinaziwiritsa, n'kuchotsa mnofu m'zigoba, n'kusakaniza ndi dzira, anyezi ndi zinyenyeswa za buledi. Kenako ndinaumba timibulu n'kukazinga m'chiwaya. Ana anga akuti imeneyi ndi keke ya nkhanu. Apongozi anga akukana, akuti keke sadyera nsima. Akulondola ndani?"

Mayi, apongozi anuwo ali ndi khutu labwino. Chakudya mwaphikachi chimatchuka kwambiri ku Maryland m'dziko la America, m'mbali mwa Chesapeake Bay, komwe amagwira nkhanu zabuluu n'kumathira zokometsera za Old Bay. Kumeneko amati crab cakes, chifukwa m'Chingerezi mawu oti cake amakwanira chilichonse choumbidwa n'kukazingidwa, kaya cha nsomba kaya cha mbatata. Ife pobwereka mawu oti keke tinangotengako mbali imodzi, ya chotsekemera chija timadula pa ukwati kapena pa tsiku lobadwa. Mukauza mlendo kuti mwamukonzera keke, iye ayamba kudikira tiyi, ndipo akamva fungo la anyezi adabwa.

Dzina loyenera lili kale m'nyumba mwanu: zitumbuwa za nkhanu. Alipo amene angatsutse kuti chitumbuwa ndi cha nthochi ndi ufa wa chimanga basi. Koma tamverani momwe anthu amayankhulira pamsika. Amati "zitumbuwa za nthochi", ndipo kutchula nthochiko kukusonyeza kuti mawuwa ali ndi malo olandira china. Chimene chimapanga chitumbuwa ndi kuumba ndi manja ndi kukazinga m'mafuta, ndipo zonse ziwiri mwachita. Mandasi ayi, chifukwa mandasi amafuna ufa wa tirigu wofufumitsa. Chigumu ndi chikondamoyo nazonso ayi, poti zimenezo siziona mafuta a m'chiwaya.

Anawo muwakonzenso pena. Ngakhale akanalondola dzina, timati keke wa ukwati, keke uyu, osati keke ya. Chimodzi ndi chitumbuwa cha nkhanu, zambiri ndi zitumbuwa za nkhanu. Mukaumba ting'onoting'ono tolandirira alendo, nenani kuti tizitumbuwa ta nkhanu.

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wina wa ku Highfield, mu Harare momwemo: "Mdzukulu wanga amati ankhanu akakhala ambiri, nthawi zina amati magakanje. Kodi zambiri za nkhanu n'chiyani?"

Bambo, nkhanu sisintha. Ili m'gulu limodzi ndi nsomba, nkhuku ndi mbuzi, mayina amene kuchuluka kwake kumamveka pa mawu otsatira: nkhanu imodzi, nkhanu zitatu, nkhanu yapsa, nkhanu zapsa. "A Nkhanu" timawamva m'nthano, pamene nyama yapatsidwa ulemu ngati munthu, monga a Kalulu ndi a Fisi. M'poto mulibe a Nkhanu.

Gakanje ndi Chishona, ndipo mwana wokulira mu Harare sangalephere kulitola. Ine sindiona chifukwa chomukalipira. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chili momwemo pamodzi ndi Chishona. Makolo athu ambiri anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ena nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa 1953 ndi 1963, ndipo ziyankhulo ziwirizi zakhala khomo limodzi kuyambira kalekale. Chofunika n'chakuti mwanayo adziwe kuti gakanje ndi la chiyankhulo chiti, nkhanu ndi ya chiti. Mumuphunzitsenso kutulutsa kampweya ka "kh" kaja, ndi kumaliza bwino mawu, kuti nkhanu isamveke ngati nkhani kapena nkhuni.

Mayi wachitatu, amene amagula zinthu zake ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, akuti iye m'malo mwa buledi amathira nsinjiro ndi mgaiwa pang'ono, komanso tsabola wa kambuzi ndi madzi a ndimu. Akufunsa ngati anganene kuti "watendera" zitumbuwazo, komanso ngati dovi (mawu a Chishona) ndi nsinjiro n'chimodzi.

Poyamba ndikuyamikeni, chifukwa kambuzi ndi ndimu zimagwirizana bwino ndi nkhanu. Ingosamalani nsinjiro. Pa theka la kilogalamu ya mnofu, dzira limodzi ndi masupuni awiri kapena atatu a nsinjiro zakwana. Mukapyola apo mudya zitumbuwa za mtedza, nkhanu osaimva.

Koma kutendera ayi. Timatendera ndiwo zamasamba monga nkhwani, chisoso kapena mpiru, pamene nsinjiro zikuphikidwa m'madzi a ndiwozo mpaka msuzi utagwirana. Apa nsinjiro zikugwira ntchito yomanga, kuti chitumbuwa chisaphwasuke m'mafuta. Nenani kuti mwathira nsinjiro, kapena mwasakaniza ndi nsinjiro. Dovi si nsinjiro. Dovi ndi chiponde, mtedza wokazinga woperedwa mpaka kutuluka mafuta, pamene nsinjiro ndi ufa wa mtedza wosinja n'kusefa. Chiponde chingakufewetsereni zitumbuwa mpaka kukanika kuumbika.

M'kalata yanu mwalembanso kuti "ndinakanga". Limenelo ndi la anzathu Achishona, ife timakazinga. Kuwotcha ndi pa makala popanda mafuta, kuwiritsa ndi m'madzi. Nkhanu imayamba yawiritsidwa, makamaka ya mumtsinje kapena ya ku nyanja ya Malawi, chifukwa nkhanu ya m'madzi opanda mchere ikapanda kupsa bwino ikhoza kupatsa munthu tizilombo. Polemba, kumbukirani kuti ndi "zitumbuwa zokazinga", mawu amodzi, osati "zo kazinga" kapena "zakukazinga". "Ku" amatsala pa aneni afupiafupi okha monga kudya ndi kumwa, n'chifukwa chake timalemba chakudya ndi chakumwa, koma chokazinga, chowiritsa ndi choumba.