Mphutsi zanga zikuchepa thupi, kodi ndikongole ndalama zogulira mbewu ina?

Funso: Ndimakhala ku Mabvuku mumzinda wa Harare ndipo ndimaweta mphutsi za ntchentche zakuda zija amati black soldier fly. Ndimagulitsa kwa anzanga oweta nkhuku ku Tafara ndi ku Epworth. Poyamba zinkanenepa bwino moti makasitomala ankachita kulimbirana. Chiyambire Meyi zikutuluka zing'onozing'ono, mazira a ntchentchezo nawo achepa, ndipo kasitomala wanga wamkulu akuti asiya kugula. Ena akuti mbewu yanga yatha mphamvu. Ndikuganiza zokongola madola 300 kuti ndigule mbewu ina ndi kuwonjezera mabeseni. Ndithandizeni. Ndine mayi wa ku Mabvuku.

Yankho: Mayi, ngongoleyo iyambe yadikira kaye. M'kalata yanu mwanena kuti mphutsi zachepa thupi, koma simunanene kuti zachepa ndi magalamu angati, ndipo ndikukhulupirira kuti simunaziyesepo pa sikelo. Vuto lalikulu lili pamenepo. Mukagula mbewu ina musanadziwe chimene chafooketsa yoyambayo, yatsopanoyo idzafookanso chimodzimodzi, ngongole ili pamutu.

Choyamba kuchikayikira ndi chisanu. Mphutsi zimenezi zimakula bwino pakatentha madigiri 24 mpaka 30, ndipo zikatero zimafika pokolola m'masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Kuno ku Harare usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Kukazizira chonchi mphutsi zimachepetsa kudya, ndiye mukakolola pa tsiku lomwe munazolowera mu Januwale mupeza zisanakhwime. Ntchentche zazikulu nazo sizikwerana popanda dzuwa lowala ndi mpweya wofunda, choncho mazira amachepa. Sunthirani khola la ntchentche pamene dzuwa la m'mawa limafika, mulitchinge mphepo ndi pulasitiki yoonekera mkati. Mabeseni muziwasanjikiza m'nyumba usiku ndi kuwafunditsa masaka, koma musiye mpata wa mpweya. Mphutsi zikachuluka malo amodzi zimadzipangira kutentha zokha.

Chachiwiri ndi chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, chifukwa chimagwetsa alimi ambiri amene malonda awayendera. Maoda akachuluka, munthu amagulitsa mphutsi zonenepa zonse, n'kusiya zotsalira m'beseni kuti zisanduke ntchentche. Mlimi wa chimanga sachita zimenezo: ngala zazikulu ndi zimene amasunga kuti zikhale mbewu. Ntchentche yaikazi imaikira kamodzi kokha, mazira pafupifupi 500 kapena kuposa, ndipo sidya chakudya ikakula, imangomwa madzi n'kufa pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu zonse zoikirira mazira imazitenga ku mafuta omwe inasunga ili mphutsi. Mphutsi yowonda imatulutsa ntchentche yaing'ono, ndipo ntchentche yaing'ono imaikira mazira ochepa. Mukachita zimenezi mibadwo ingapo, khola lonse limabwerera m'mbuyo inu osazindikira.

Ndiye patulani mabeseni awiri kapena atatu akhale a mbewu basi. Muziwapatsa chakudya chabwino kuposa ena, monga gaga wosakaniza ndi masese, ndipo kasitomala ngakhale atalira bwanji musagulitseko. Zisiyeni mpaka zide n'kuyamba kukwawa zokha kutuluka m'chakudya, pamenepo mudziwe kuti zakonzeka kukhala ntchentche.

Tsopano za kuyeza. Gulani kasikelo kakang'ono koyeza magalamu ndi kope la masamba olimba, zonse sizingafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ngongole mukufunayo. Pokolola beseni lililonse werengani mphutsi 100 mosasankha, muziike pa sikelo. Zodyetsedwa bwino zimalemera magalamu 15 mpaka 20. Lembani nambalayo, tsiku lomwe munaika timphutsi, chakudya chomwe munapereka ndi makilogalamu omwe mwakolola. Mazira nawo muziwayeza tsiku lokolola. Galamu imodzi yokha imakhala ndi mazira oposa 30,000, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika: amathira timphutsi tochuluka m'beseni limodzi, chakudya n'kuchepa, zonse n'kutuluka zowonda. Akatswiri a bungwe la Eawag ku Switzerland amalangiza timphutsi ta masiku asanu 10,000 m'kireti ya masentimita 60 ndi 40, pa chakudya chonyowa cha makilogalamu 15 m'masiku 12. Yambirani pamenepo, kenako kope lanu lidzakuuzani chimene chikuyenda pakhomo panu.

Chakudya chikhale chonyowa koma osati phala lamadzi. Tapani m'dzanja mufinye: pakadontha timadontho tochepa, chili bwino. Chikachita madzi chimanunkha ndi kuitana ntchentche wamba za m'nyumba. Zotsala za masamba ndi zipatso za ku msika wa Mbare Musika n'zabwino, kungoti kabichi ndi tomato paokha ndi madzi okhaokha, sizinenepetsa. Sakanizani ndi gaga kapena masese. Zakudzala zosakanikirana ndi mabatire ndi utoto musatole, ngakhale zili zaulere, chifukwa mphutsi zimasunga m'thupi zitsulo zapoizoni monga cadmium ndi lead, ndipo zimenezo zidzathera m'nkhuku ndi m'mazira omwe ana a makasitomala anu akudya. Miyendo ya mashelefu muiviike m'tizitini ta madzi kapena oyilo wakale kuti nyerere zisakwere.

Nanga mbewu yatsopano? Kubweretsako magazi ena nthawi ndi nthawi n'kothandiza, makamaka ngati munayamba ndi mazira ochepa ochokera kwa munthu mmodzi. Koma zimenezo sizifuna madola 300. Sinthanani magalamu angapo a mazira ndi mlimi wa dera lina, muwalere paokha m'badwo umodzi, muyerekeze kulemera kwake ndi zanu musanasakanize. Chitani zimenezi mu Seputembala kukayamba kufunda, kuti chisanu chisakusokonezeni poyerekeza.

Kasitomala wamkulu uja mukamuone nokha, musangotumiza uthenga pa WhatsApp. Mufotokozereni kuti m'chisanu muzikolola mochedwerapo ndipo katundu achepa, koma chimene adzalandire chidzakhala chofanana sabata ndi sabata. Woweta nkhuku amafuna kudziwa zomwe akuthira m'chakudya cha ziweto zake, ndiye muzigulitsa pa kilogalamu, zosefedwa bwino popanda manyowa. Manyowa otsalawo muziwalongedza paokha, a madimba amagula. Kope lanu likasonyeza kuti mphutsi 100 zakhala zikufika magalamu 15 kwa miyezi iwiri yotsatizana, mundilemberenso tiwerengere limodzi za mabeseni owonjezera, ndipo ndalama yake tidzayambe taifuna ku chipereganyu, osati kwa akatapila.