Masaya otupawo asakunamizeni, pitani naye kukiliniki

Amake mwana, mwati wanu wa miyezi isanu ali ndi zidzolo m'matako, ndipo kwa mwezi wopitirira mwakhala mukumupaka mafuta a m'chubu ogula pagolosale. Tsopano masaya adzadza, anthu akuti wanenepa bwino, ndiye mukufunsa ngati mupitirize. Mawa lomwe berekani mwana, tengani chubucho ndi kadi ya sikelo, mupite kukiliniki.

Werengani timalemba tating'ono pachubupo. Mukaona clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi masteroidi aukali, si opaka khanda mwachisawawa. Khungu la khanda ndi lopyapyala, ndiye mukapaka n'kuvundikira ndi thewera, makamaka mapampasi m'kutentha kwa Chipata kuno, mankhwala amalowa mpaka m'magazi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kopanga homoni ya cortisol. Kakaona kuti m'magazi mwadzaza kale masteroidi aja, omwe ndi ofanana nayo, kamasiya ntchito. Nkhope ya mwana imazungulira, mimba imakula, ena amamera ubweya pamphumi ndi pamsana, khungu limaonetsa timitsempha, koma msinkhu umaima. Madokotala amati Cushing. Pasikelo kulemera kumakwera, agogo n'kumalulutira, pamene mwana sakutalika. Pemphani anamwino amuyezenso kutalika.

Sindikunena kuti wanu wafika pamenepo, zimenezo aona okha akamuyeza. Koma chonde musasiye mafutawo mwadzidzidzi panokha. Kachiwalo kaja kamatenga nthawi kuti kadzuke, n'chifukwa chake adokotala nthawi zina amachepetsa mankhwala pang'onopang'ono. Mwana akafooka, akamasanza, akakana bere kapena akamangogona osadzuka msanga, thamangirani ku Chipata Central Hospital ngakhale usiku, ndipo mawu oyamba akhale a chubucho. Musachite manyazi, ambiri amagula mafuta amenewa osadziwa.

Za zidzolozo, zikakhala zofiira kwambiri m'mphechepeche ndi timadontho m'mbali, kawirikawiri ndi mafangasi, ndipo steroidi imangowabisa kwinaku akufalikira. Kukiliniki akhoza kukupatsani clotrimazole, mafuta olimbana ndi mafangasi. Pa masteroidi, hydrocortisone wa 1% ndiye wofatsa, koma nayenso ndi wa masiku ochepa, polamula adokotala. Pakadali pano sinthani thewera likangonyowa, musambitseni ndi madzi ofunda okha, mugonekeni pachitenje opanda thewera kuti mphepo ipite, ndipo mukamumanganso pakani mafuta a zinc oxide.